Mmisiri Wokonza Wailesi ya Kaseti

M'dziko la Mfumu Kalembo, kumadzulo kwa mtsinje wa Shire, kumene msewu wochokera ku Liwonde umadutsa pa Ulongwe polowera ku Mangochi, muli mudzi wina wa milambe yambiri. M'mudzimo munali mayi wokalamba amene ana ndi akulu omwe ankangowatchula kuti Anganga. Chuma chawo chinali chochepa: kamunda ka chimanga ndi nandolo, mbuzi zitatu, ndi sutukesi yachitsulo imene inkakhala kunsi kwa kama. Koma m'sutukesimo, pansi pa nsalu zawo zovala pa zikondwerero, munali zinthu ziwiri zimene sakadalola kuzisinthanitsa ngakhale ndi khola la ng'ombe. Choyamba chinali wailesi yaing'ono ya kaseti yokhala ndi chogwirira pamwamba, ndipo chachiwiri chinali kaseti imodzi yokulungidwa m'kansalu koyera.

Mawu ochokera ku Joni

Amuna awo a Anganga anali mmodzi wa anthu ambiri a m'deralo amene anapita kukagwira ntchito ku migodi ya golide ya ku Joni. Poyamba anthu otere ankalembedwa ndi Wenela, koma mu 1974 ndege yonyamula obwerera kumudzi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Boma linaletsa kulemba anthu. Mu 1977 njira inatsekukanso m'dzina la Teba, ndipo bamboyo ananyamuka m'zaka zotsatira.

Tsono bamboyo sankadziwa kulemba, ndipo Anganga sankadziwa kuwerenga. Kalata yolembetsa kwa mnzako wa m'komponi, niikawerengedwa ndi mwana wa sukulu pabwalo, siikhala ndi chinsinsi, ndipo mwamuna sanganenemo zonse za kumtima. Chifukwa chake bamboyo anagula wailesi ija naitumiza kumudzi, ndipo iwo ankabwereka ya mnzawo kuti azijambula mawu awo m'kaseti. Munthu wobwerera kumudzi ankainyamula kasetiyo. Anganga ankaimvetsera masiku angapo, kenaka ankajambula yankho lawo pamwamba pa mawu omwewo, naibweza ku Joni. Motero kaseti imodzi inkayenda maulendo ambiri, ndipo mawu atsopano ankafufuta akale.

Kaseti yotsiriza inafika kutatsala pang'ono kuti ntchito ya Teba ithe mu 1988. Anganga asanapeze munthu woitumizira, amuna awo anatulukira okha ndi katundu wawo. Yankho silinafunikenso, ndipo ndi chifukwa chake mawu a m'kaseti imeneyo anapulumuka. Patapita zaka bamboyo anamwalira osasiya chithunzi ngakhale chimodzi. Chotsala cha iwo chinali mawu ajawo.

Za kaseti ndi kutha kwake

Kaseti inapangidwa ndi kampani ya Philips, motsogozedwa ndi mmisiri wa ku Netherlands dzina lake Lou Ottens, ndipo inaonetsedwa koyamba ku Berlin mu 1963. M'kati mwake muli tepi yopyapyala yopakidwa fumbi losalala la chitsulo, limene limasunga mawu mwa mphamvu ya maginito. Tepiyo imayenda masentimita 4.76 pa sekondi iliyonse, ndipo kaseti yolembedwa C60 imalankhula mphindi 30 mbali imodzi ndi mphindi 30 mbali inayo. Mu 1979 kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa Walkman, kamakina kolowa m'thumba komvetsera ndi zoika m'makutu, ndipo kuyambira pamenepo kaseti inasanduka bwenzi la munthu wa pa ulendo.

Anthu a ku Balaka ali ndi chifukwa chapadera chokumbukira kaseti. Gulu loimba la Alleluya Band linayamba kumeneko mu 1978, ndipo nyimbo za Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, zinafika m'midzi yonse ya Malawi kudzera m'makaseti ogulitsidwa m'misika ndi m'sitolo monga ya O.G. Issa ku Limbe. Pamene Balaka inapatulidwa ku Machinga nikhala boma palokha mu 1998, panalibe msika wopanda munthu wokonza mawailesi a kaseti pakhonde. Koma zimbale zinabwera, pambuyo pake mafoni, ndipo mu 2010 a Sony analeka kupanga Walkman ya kaseti ku Japan. Amisiri akale ena anamwalira, ena anabwerera kumunda, ndipo anyamata anaphunzira ntchito ya mafoni. Makina anatsala m'nyumba za anthu, koma manja odziwa kuwatsekula anachepa.

Pempho la Anganga

Mdzukulu wawo wamwamuna, amene anabadwa ambuye ake atamwalira kale, anafika msinkhu wofuna kukayesa mwayi ku Joni monga achitira anyamata ambiri a m'deralo, podzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Beitbridge. Anapangana ndi anzake kuti adzanyamuka akagulitsa thonje. Anganga sanamuletse, pakuti anadziwa kuti mnyamata amene mtima wake wanyamuka kale samangika ndi misozi. Koma madzulo ena anamuitana nati, "Usanapite umve mawu a ambuye ako. Iwo anaiona Joni iwe usanabadwe, ndipo zimene ananena ine sindingathe kuzinena monga anazinenera eni ake."

Wailesi ija inali itakhala chete zaka zambiri. Mnyamata anagula mabatire atsopano, nawaika, nadina. Mota inamveka kulira m'kati, koma timano tozunguza kaseti sitinayende. Pamenepo anati, "Anganga, ndipatseni wailesi ndi kaseti yomwe, ndikapeze wokonza."

Anganga anampatsa wailesi, koma kaseti ya m'kansalu anaibwezera m'sutukesi. M'malo mwake anatulutsa kaseti yakale ya nyimbo za Lucius Banda, nati, "Wokonzayo akayesere iyi. Inayo sichoka m'nyumba muno popanda ine." Mnyamata anaona ngati kuumirira kwa ukalamba chabe, koma sanatsutse.

Amisiri awiri oyamba

Woyamba kumufikira anali mnyamata wokonza mafoni pa Ulongwe. Iye anaitembenuza wailesiyo uku ndi uku, naibweza, nati, "Achimwene, chinthu chotere ndinachiona kwa agogo anga, koma m'kati mwake sindinaonemo. Ndikachitsekula ndingokuonongerani." Mdzukulu uja anachoka ali wokwiya, poganiza kuti munthuyo ndi waulesi. Sanazindikire tsiku limenelo kuti anakomana ndi munthu woona mtima, pakuti kunena kuti "sindidziwa" pamene ndalama ili pafupi kulowa m'thumba si chinthu chapafupi.

Wachiwiri anam'peza pa msika wina. Ameneyu anali ndi chikwangwani chachikulu chonena kuti amakonza chilichonse choyendera magetsi, ndipo pakamwa pake panali potsetsereka. Asanamasule ndi chomangira chimodzi chomwe anatchula matenda a wailesiyo, natchula mtengo, napempha theka la ndalama kuti akagulire zitsulo zatsopano. Mnyamata anakondwa napereka. Atabwera tsiku la pangano anauzidwa kuti abwere mawa. Atabwera mawalo anauzidwa kuti zitsulo zili m'njira kuchokera ku Limbe. Masabata atatu anatha motero, ndipo thonje linali litayamba kale kuthyoledwa.

Potsiriza wailesi inatulutsidwa kunsi kwa tebulo. Mmisiri uja anaikamo kaseti ya nyimbo nadina monyada. Nyimbo inamveka, koma inkanjenjemera monga mawu a munthu wogwidwa ndi malungo, ndipo isanafike pakati inangoti zii. Potsekula chitseko anapeza tepi itatuluka yonse, itazengerezeka pa zitsulo, itakwinyika ndi kuduka. Mmisiriyo sanachite manyazi. Anati kasetiyo inali yowola kale, napempha ndalama yotsala.

Mnyamata anafika kunyumba dzuwa litalowa, natula wailesi ndi tepi yodukayo pamphasa. Anganga anaigwiragwira tepiyo osanena kanthu, kenaka anayang'ana ku sutukesi. Mnyamatayo anamva thukuta lozizira pamsana, pakuti anaona tsopano chimene chikadachitika akadaloledwa kutenga kaseti ya m'kansalu. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kufunsa njira

M'mawa mwake Anganga anati, "Iwe unafunsa zikwangwani. Tsopano kafunse anthu." Anamuuza kuti asafunse kuti wokonza ali kuti, koma afunse anthu achikulire kuti chinthu chawo anakonzetsa kwa yani, ndipo chinakhala zaka zingati chisanafenso.

Mnyamata anayamba ndi telala wachikulire amene ankasoka pakhonde la sitolo, wailesi yakale ikulira pambali pa makina ake. Telalayo anatchula bambo wina wa ku Balaka. Anafunsanso mtsogoleri wa kwaya amene kale ankajambulitsa nyimbo m'makaseti, ndipo iye anatchula bambo yemweyo. Wachitatu anali wokonza mawotchi ku Liwonde, amene anaseka nati, "Ameneyo adzakuchedwetsa ndi mafunso, ndipo sachotsera mtengo, koma chimene wachigwira sichibwereranso." Anthu atatu osadziwana atatchula munthu mmodzi, Anganga anavala nsalu yawo yabwino, namangirira kaseti ija m'chiuno, nakwera minibasi pamodzi ndi mdzukulu wawo.

Pakhonde la ku Balaka

Bamboyo anam'peza kuseri kwa msika, pakhonde lopanda chikwangwani. Anali wa imvi, wovala magalasi omangidwa ndi ulusi. Kumbuyo kwake kunali mulu wa mawailesi akufa, ndipo patebulo panali timabotolo ta zomangira zosankhidwa monga mwa kukula kwake. Atapatsa Anganga mpando nawalonjera, sanafulumire kugwira wailesi. Anafunsa kuti inaleka liti kulira, inkasungidwa pati, ngati mabatire anagoneramo, ndiponso ngati wina anaitsekulapo. Atamva zonse anayala nsalu patebulo nati, "Amayi, senderani pafupi, ndi iwenso mwana wanga. Nditsekula inu mukuona."

Zomangira ziwiri za kumbuyo zinasowa. Bamboyo sananyoze mmisiri mnzake, anangoti, "Amene analowa muno anali ndi changu." Kenaka anawaonetsa chimodzichimodzi. Mota imazunguza zitsulo zonse kudzera pa lamba wopyapyala, ndipo lamba akakhala zaka zambiri, makamaka kumalo otentha monga kuchigwa cha Shire, amatamuka kapena kusungunuka nakhala ngati phula. Ndicho chifukwa chake mota inkalira koma kaseti osayenda. Mmisiri wachangu uja anaikapo kachingwe kodula ku chubu cha njinga, kokhuthala mbali ina ndi kopyapyala mbali ina, kolimba kopambana muyeso. Ndiko kankanjenjemeretsa nyimbo, ndipo kakadapha mota. Phula la lamba wakale sanalipukute n'komwe.

Anawaonetsanso kagudumu kakang'ono ka mphira kamene kamapanikiza tepi pa kachitsulo kozungulira kuti iyende mofanana. Kagudumuko kanali katauma ndi kuterera. "Aka ndiko kamadya makaseti," anatero bamboyo. "Tepi ikaterereka apa, ndipo mbali yokulunga ikachedwa kukoka, imaunjikana nizengerezeka. Wokonza amene sayang'ana apa sanayambe ntchito." Pomaliza analoza hedi, kachitsulo kosalala kamene kamawerenga mawu, kali bii ndi litsiro, nanena kuti kamafuna thonje lonyowetsa ndi sipiriti, osati mpeni.

Atatha kuona zonse ndi pamene anatchula mtengo, chinthu chilichonse ndi mtengo wake. Anati lamba ndi kagudumu adzazifuna m'mawailesi akufa a mtundu womwewo, ndipo zikapanda kupezeka adzanena. Anatinso mbali yogwira nyumba zoulutsira mawu ili ndi vuto lina limene sangalonjeze kulithetsa, ndipo sadzalandira ndalama pa chimene sanachikonze. Ya chikole anaikana.

Pamenepo Anganga anamasula m'chiuno natulutsa kaseti ija, nafotokoza mbiri yake. Bamboyo anapukuta manja asanailandire. Anayang'ana kathonje kolimba kamene kamakhala kuseri kwa tepi, kamene kakagwa mawu samveka, napeza kalipo. Anayang'ana pamwamba pa kaseti napeza timapulasitiki tiwiri ta m'ngodya tikadali pomwepo. "Amayi," anatero, "kaseti iyi ikadali yotsekuka. Mwana akangodina pofiira, mawu onse apita. Mundilole ndithyole timeneti?" Anganga anakumbukira kuti anaisiya chomwecho podikira kujambula yankho limene silinatumizidwe, ndipo anavomera ndi mutu. Bamboyo anathyola, kenaka analowetsa bolopeni m'chibowo nazunguza tepi yonse pang'onopang'ono kufikira kumapeto ndi kubwerera, kuti ngati inamatana imasuke ndi dzanja osati ndi mota.

Poibweza anati, "Iyi mubwerere nayo. Musaisiye kwa ine kapena kwa wina aliyense. Wailesi ikatayika ndingakupezereni ina. Mawu awa palibe sitolo imene iwagulitsa."

Tsiku lomva mawu

Sabata itatha anabwereranso, ulendo wa mnyamata utatsala masiku anayi. Bamboyo anawapatsa kapepala kokulunga kachingwe ka chubu ndi kagudumu kakale, kuti aone chimene chinachotsedwa. Anaikamo kaseti yakeyake ya nyimbo, nailiza mbali zonse ziwiri, ola lathunthu, iwo atakhala pomwepo. Mnyamata anatekeseka, koma bamboyo anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Atatulutsa kasetiyo anaiunika padzuwa, napeza tepi ili yosalala yopanda khwinya. Pamenepo ndipo anapempha ya m'kansalu. Anauza mnyamata kuti aike foni yake pafupi ndi sipika kuti ijambule, iye naika chala pa batani loimitsira.

Kunamveka kaphokoso konga mvula ya patali, kenaka munthu anatsokomola nayamba kulankhula. Koma mawuwo anali aang'ono ndi othamanga monga a mnyamata wosatha msinkhu. Nkhope ya Anganga inagwa. "Awa si iwo," anatero.

Mdzukulu anayang'ana mmisiri ndi mantha, koma bamboyo anaimitsa makina mosatekeseka. Anafotokoza kuti wailesi ikuyenda pa liwiro loyenera, pakuti nyimbo zija zinamveka bwino; koma munthu akajambula mawu ndi mabatire ofooka, mota imayenda mochedwa, ndipo kasetiyo ikaikidwa m'makina amphamvu mawu amathamanga nakwera. "Ine bambowo sindinawamvepo," anatero. "Wodziwa mawu awo ndinu nokha. Ndizitembenuza, inu mundiuze poima."

Analowetsa kachitsulo kakang'ono m'kabowo ka pa mota, nalizanso kaseti, natembenuza pang'onopang'ono. Mawu aja anayamba kutsika ndi kulemera. Anganga anatseka maso. Mwadzidzidzi anagwira dzanja la mdzukulu wawo nati, "Basi, pomwepo. Ndi iwowo."

Bamboyo anabweza tepi poyambira. Kwa mphindi 30 khonde lija linakhala chete, ndipo ngakhale wogulitsa nthochi wa pafupi analeka kuitana malonda. Munthu wa m'kaseti, posakaniza Chiyao ndi Chinyanja, analonjera akazi ake, ana ake ndi alongo ake, aliyense ndi dzina lake. Anafunsa ngati denga linafoleredwa mvula isanagwe. Anasimba za chisanu cha ku Joni cha mwezi wa June, ndi za chikepe chotsikira pansi pa nthaka kumene munthu saona dzuwa. Kenaka anasimba za anzake amene analeka kutumiza mawu kwawo chifukwa cha manyazi akusowa chotumiza, mpaka anasanduka matchona. Nanena kuti munthu wa pa ulendo, ngakhale alibe ndalama, asaleke kutumiza mawu, pakuti a kumudzi amapirira njala koma sapirira kusamva.

Mnyamata anawerama osayang'ana munthu. Mawu atatha, bamboyo anabweza liwiro la mota pamalo pake, namanga zomangira zonse pamodzi ndi ziwiri zimene zinasowa, nalandira ndalama imene anatchula tsiku loyamba, osaonjezapo kanthu. Anawalangiza kuti mawu a m'foni awatumize kwa abale angapo kuti asakhale pamalo amodzi. Kuti kaseti isamakhale padzuwa kapena pafupi ndi sipika, chifukwa maginito amafufuta mawu. Ndiponso kuti mabatire asamagonere m'wailesi, pakuti akatuluka madzi amadya zitsulo.

Zoyenera kukumbukira

M'midzi ya kwa Kalembo, ku Machinga ndi ku Mangochi muli masutukesi ambiri osunga makaseti otere: mawu a bambo wa ku migodi, nyimbo za pa ukwati, ulaliki wa shehe kapena wa mbusa amene anapita kale. Mwini kaseti yotere, pofuna mmisiri, achite monga anachitira Anganga. Afunse anthu amene anakonzetsapo, osati zikwangwani. Apenyetsetse ngati mmisiriyo afunsa asanagwire, ngati atsekula mwini wake akuona, ngati atchula mtengo ataona matenda, ngati abweza zimene wachotsa, ndiponso ngati ali ndi chinthu chimene avomera kuti sachitha. Koposa zonse, makina odwala asayesedwe ndi kaseti imene ilibe inzake. Ndipo mmisiri amene ayamba yekha kukana kuiyesa, ameneyo ndiye wofunidwayo. Ntchito imeneyinso isazengerezedwe, pakuti tepi imakalamba, amisiri akutha, ndipo anthu okhoza kunena kuti "ndi iwowo" sadzakhalapo masiku onse.

Mnyamata uja ananyamuka pa tsiku lake. Mwezi woyamba sanapeze ntchito, ndipo analibe chotumiza. Koma Lachisanu lililonse foni ya mlongo wake inkalandira mawu ojambulidwa ochokera ku Joni, ndipo mtsikanayo ankapita nayo kwa Anganga. Iwo ankamvetsera kawiri kapena katatu, kenaka ankakonza kukhosi, nayandikiza foniyo pakamwa, nayamba kuyankha.